Mbiri Yobisika m'Mayina a Chilatini ndi Chigiriki a Mitengo ya m'Boma la Chongwe

1. Chiyambi

Boma la Chongwe lili kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, ndipo tauni yake ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 potsata msewu wa Great East. Eni dziko ndi Asoli a kwa Mfumu Nkomeshya, ngakhale kuti m'misika ndi m'masukulu chimene chimamveka kwambiri ndi Chinyanja. Thengo lambiri la kuderali ndi la miombo, ndipo m'menemo ndimo muchokera masuku amene amayi amagulitsa m'mbali mwa msewu mvula ikamayamba, ndiponso makala amene amapita ku Lusaka tsiku ndi tsiku. Mtengo uliwonse wa m'thengoli uli ndi mayina a mitundu iwiri. Pali dzina la kumudzi, limene mwana amaliphunzira potsagana ndi amake kunkhuni, ndiye palinso dzina la m'mabuku a akatswiri a zomera, lomwe limalembedwa m'Chilatini.

Ophunzira ambiri amaloweza mayina a Chilatiniwa ngati mawu opanda tanthauzo, ofunika pa mayeso pokha. M'pepala lino tifuna kuonetsa kuti dzina lililonse lotere lili ndi tanthauzo, ndipo tikalimasulira timapezamo mbiri: yemwe anatcha, chaka chimene anatchera, kumene chitsanzo cha mtengowo chinatengedwa, ndi munthu amene ankafuna kumulemekeza. Tionanso kuti mayinawa, ngakhale anabadwira kutali, ndiwo amene malamulo a nkhalango ndi a malonda amatsata masiku ano. Motero sitingawanyalanyaze, komanso sitiyenera kulola kuti akwirire mayina a eni thengo.

2. Kapangidwe ka dzina

Kalembedwe ka mayina a zomera kamene dziko lonse limatsata kanakhazikika m'chaka cha 1753, pamene Carl Linnaeus wa ku Sweden anasindikiza buku lake lotchedwa Species Plantarum. Iye anapatsa chomera chilichonse mawu awiri. Liwu loyamba tingaliyerekeze ndi chiwongo, monga Phiri kapena Banda, chifukwa limagwirizanitsa zomera zapachibale. Liwu lachiwiri lili ngati dzina la munthu payekha, ndipo kawirikawiri limakhala mfotokozi. Pambuyo pa mawu awiriwa amalembanso chidule cha dzina la yemwe anatcha: L. imaimira Linnaeus, Benth. imaimira George Bentham.

Chilatini chinasankhidwa chifukwa ndicho chinali chilankhulo cha anthu ophunzira ku Ulaya konse. Mawu ambiri ndi a Chigiriki, koma amavekedwa maonekedwe a Chilatini. Kuyambira mu 1935 mpaka kumapeto kwa 2011, wotcha dzina chomera chatsopano ankayenera kulemba kufotokoza kwake m'Chilatini. Kuyambira mu 2012 Chingerezi chinaloledwanso. Pali malamulo ena awiri ofunika kuwadziwa. Loyamba nlakuti dzina limene linayamba kusindikizidwa ndilo limapambana ena onse obwera pambuyo. Lachiwiri nlakuti dzina lililonse limamangidwa pa chitsanzo chimodzi chouma, chosungidwa m'nyumba yosungiramo zomera monga ya ku Kew ku London.

Wodziwa aphatikiri ochepa a kumapeto kwa liwu akhoza kumasulira mayina ambiri. Mphatikiri -ensis kapena -ica amaloza malo. -Ii ndi -iana amaloza munthu. -Folia amanena za masamba, -flora za maluwa, ndipo -formis amatanthauza "wooneka ngati". Chinyanja nacho chili ndi dongosolo lake, koma aphatikiri ake ali kumayambiriro. Mitengo yambiri ili m'gulu la Mu-, Mi-, ndipo zipatso zake zimatenga Ma-: msuku ndi masuku, mlambe ndi malambe, mkole ndi makole, muula ndi maula. Apa dzina lenilenilo likutiuza kuti mtengo ndi chakudya chake nzosalekanitsika.

Nanga ngati tili ndi dongosolo lathu, Chilatini nchachiyani? Titenge liwu lakuti mtondo. Kwa Mnyanja wa kuchigwa cha Luangwa kapena cha Shire, mtondo ndi mtengo waukulu wobala matondo achikasu odyedwa, umene João de Loureiro, wansembe wa Chipwitikizi, anautcha Cordyla africana mu 1790 atauona ku Mozambique. Kwa Mbemba, mutondo ndi mtengo wa m'miombo wotchedwa Julbernardia paniculata, wosiyana kotheratu. M'boma ngati la Chongwe, m'mene mwasonkhana anthu a zilankhulo zambiri, awiriwa angagwirizane pa liwu koma akunena mitengo iwiri. Dzina la Chilatini limathetsa chisokonezo chotere.

3. Mayina ofotokoza maonekedwe

Gulu loyamba la mayina ndi la amene amafotokoza chiwalo china cha mtengo. Mitengo yambiri ya m'miombo ili ndi chiwongo cha Brachystegia, chimene Bentham anapanga mu 1865 kuchokera ku mawu awiri a Chigiriki: brachys, kutanthauza chachifupi, ndi stege, kutanthauza denga kapena chophimba. Ankanena za tizigawo tating'ono ta duwa. Mu Brachystegia spiciformis, liwu lachiwiri likunena za maluwa ondondozana ngati ngala. Mu Julbernardia globiflora likunena za maluwa obulungira. Mlombwa, umene amisiri a matabwa amautcha mukwa, ndi Pterocarpus angolensis: pteron ndi phiko, karpos ndi chipatso, ndipo aliyense amene anaona chipatso chake chozungulira, chokhala ndi phiko kuzungulira njere, avomereza kuti dzinali nloyenera. Mfula uli ndi chiwongo cha Sclerocarya, kuchokera ku skleros, cholimba, ndi karyon, mtedza. Mu dzina la mlambe, Adansonia digitata, liwu lachiwiri likuchokera ku digitus, chala, chifukwa tsamba lake limatambasuka ngati dzanja.

Tikawaika pamodzi mayinawa, tiona kuti pafupifupi onse akunena za duwa, chipatso kapena tsamba. Izi zili choncho chifukwa otcha ambiri sanauonepo mtengowo uli chiimire. Bentham sanapondepo mu Africa. Chimene chinali pa tebulo lake ndi kanthambi kouma, kopanikizidwa pakati pa mapepala, kotumizidwa ndi apaulendo. Choncho dzina limangonena zimene zimaoneka pa pepala. Silinena kuti khungwa la mombo limapereka luzi lomangira nyumba, kuti makolo ankasulamo nyanda ndi kupangamo ming'oma ya njuchi, kapena kuti pansi pa mitengo imeneyi ndipo pamera bowa wa m'dzinja. Nzeru zimenezi zili m'kamwa mwa anthu a kumudzi. Mayina onena za ntchito ya chomera alipo ndithu, koma ngochepa: tinctorius, kutanthauza "wopangira utoto", ndi esculenta, "chodyedwa", monga mu Manihot esculenta, chinangwa.

4. Mayina a anthu ndi a malo

Gulu lachiwiri ndilo lodzaza ndi mbiri ya m'zaka za m'ma 1800. Tiyambe ndi msuku, Uapaca kirkiana. Chiwongo chake anachipanga ndi Henri Baillon wa ku France mu 1858, potengera dzina limene anthu a ku Madagascar amatchula mitengo yapachibale ya kumeneko. Liwu lachiwiri linaperekedwa mu 1864 ndi Jean Müller wa ku Switzerland polemekeza John Kirk, dokotala wa ku Scotland amene ankatola zomera pa ulendo wa David Livingstone wa ku Zambezi kuyambira mu 1858 mpaka 1863. Ulendowu unakhudza dera lathu: mu 1860, pokwera ndi Zambezi, gululi linagona m'mbali mwa mtsinje wa Chongwe, kufupi ndi kumene umathira. Motero chipatso chimene mwana wa ku Chalimbana amatola m'thengo chimadziwika padziko lonse ndi liwu la ku Madagascar ndi dzina la Msikochi.

Mombo, umene unapatsa thengo lonse dzina lakuti miombo, ndi Brachystegia boehmii, pokumbukira Richard Böhm, Mjeremani wofufuza za nyama amene anafera ku Katanga mu 1884. Chiwongo cha Julbernardia chinapangidwa mu 1943 polemekeza Jules Bernard, yemwe anakhalapo bwanamkubwa wa Afalansa ku Gabon. Mpapa ndi Afzelia quanzensis: Adam Afzelius anali wophunzira wa Linnaeus amene anakhala ku Sierra Leone m'zaka za m'ma 1790, ndipo quanzensis ndi mtsinje wa Cuanza ku Angola, dziko limene Friedrich Welwitsch wa ku Austria anatolako zomera kuyambira mu 1853 mpaka 1861. Adansonia ndi Michel Adanson, Mfalansa amene anafika ku Senegal mu 1749 nafotokoza mlambe mwatsatanetsatane.

Msangu uli ndi mbiri yopatsa maganizo. Mtengowu umayoyola masamba m'dzinja n'kuphukanso m'chilimwe, kotero kuti suphimba chimanga koma umachithirira manyowa. Nchifukwa chake alangizi a zaulimi amalimbikitsa alimi kuti aziudzala m'minda. Kwa zaka zoposa 100 unkatchedwa Acacia albida, ndipo albida ndiko kuti "yoyererako", ponena za nthambi zake. Mu 1934 Auguste Chevalier anaupatsa chiwongo chakechake, Faidherbia, polemekeza Louis Faidherbe, msilikali amene analamulira Senegal m'malo mwa France kuyambira mu 1854 ndipo anakuza ulamulirowo ndi nkhondo. Mlimi wa ku Kanakantapa akamva mlangizi akutchula dzinali, sadziwa kuti akumva dzina la mtsamunda.

Mayina a malo nawo afuna kusamala powamasulira. Angolensis sitanthauza kuti mlombwa kwawo nku Angola kokha. Ingosonyeza kumene chitsanzo choyamba chinachokera. Muula, umene Abemba amautcha mupundu, ndi Parinari curatellifolia. Chiwongochi ndi dzina la ku Guiana, ku South America, limene Aublet analemba mu 1775, ndipo liwu lachiwiri likuti "wa masamba onga a Curatella", mtengo winanso wa kumeneko. Wotchayo anafanizira mtengo wathu ndi umene ankaudziwa kale, monga mlendo achitira akafika pamudzi wachilendo.

5. Mawu a mu Africa amene analowa m'Chilatini

Tisaganize kuti zilankhulo zathu zinatsala kunja kotheratu. Chitsanzo chachikulu ndi Strophanthus kombe, chomera choyanga chopezeka m'zigwa zotentha za Zambezi, Shire ndi Luangwa. Strophos ndi chingwe chopota, anthos ndi duwa, chifukwa nsonga za duwa lake zimalendewera ngati zingwe. Koma kombe ndi liwu la Amang'anja, dzina la ululu umene alenje ankapaka pa mivi. Kirk ankasunga njere zake m'thumba limodzi ndi mswachi wake, ndipo tsiku lina atatsuka m'kamwa anazindikira kuti mtima wake ukugunda pang'onopang'ono. Njerezo zitafika ku Britain, Thomas Fraser wa ku Edinburgh anazifufuza napezamo mankhwala a mtima otchedwa strophanthin. Daniel Oliver wa ku Kew, potcha chomerachi mu 1871, anasunga liwu la eni ake. Mayina a alenje amene anadziwa mphamvu ya njerezo sanalembedwe, koma liwu lawo likutchulidwa m'masukulu a zamankhwala kufikira lero.

Mbawa wa m'mbali mwa mitsinje unatchedwa Khaya nyasica mu 1911. Khaya ndi dzina la ku Senegal, ndipo nyasica ndi liwu la Chiyao, nyasa, lofanana ndi lathu lakuti nyanja, litavekedwa mphatikiri wa Chilatini. Tsanya ndi Colophospermum mopane, ndipo mopane ndi liwu la Chitswana. Ngakhale buku lalikulu lofotokoza zomera za Zambia, Malawi, Mozambique, Zimbabwe ndi Botswana, limene linayamba kutuluka mu 1960, dzina lake ndi Flora Zambesiaca, kutengera mtsinje wa Zambezi.

Kubwerekanaku kwayendanso mobwerera. Mitengo yobwera imene inalibe mayina a kuno inalowa m'Chinyanja ndi mayina ake a Chilatini, koma lilime la anthu linawasula. Gmelina, dzina lolemekeza Johann Georg Gmelin amene anafufuza zomera ku Siberia, linasanduka malaina, popeza Chinyanja sichilola g ndi m kutsatana kumayambiriro kwa liwu. Leucaena, kuchokera ku leukos, choyera, inasanduka lukina. Cassia inasanduka keshya, ndipo alimi akutchulabe choncho ngakhale akatswiri anausamutsira mtengowo ku chiwongo cha Senna. Gliricidia, imene alimi ambiri amati gilisidiya, imatanthauza "wopha mbewa", chifukwa kwawo ku Central America ankapangira mankhwala a makoswe. Kwa wophunzira zilankhulo, mawu ameneŵa ndi umboni wa momwe Chinyanja chimalandirira mlendo.

6. Mayina amasintha, ndipo kusinthako kuli ndi zotsatira

Ena amaganiza kuti dzina la Chilatini likaperekedwa ndiye kuti lakhazikika mpaka muyaya. Mbiri ya zaka zaposachedwa ikutsutsa zimenezi. Liwu lakuti akakia linkagwiritsidwa ntchito ndi Agiriki akale, monga Dioscorides, ponena za mtengo waminga wa ku Egypt. Kafukufuku atasonyeza kuti mitengo yotchedwa Acacia siili ya chiwongo chimodzi, panabuka funso lakuti dzinalo litsale ndi yani. Msonkhano wa akatswiri a zomera wa ku Vienna mu 2005 unalipereka ku mitengo ya ku Australia, imene ili yochuluka, ndipo wa ku Melbourne mu 2011 unatsimikiza chigamulocho, ngakhale akatswiri ambiri a mu Africa anakana. Mitengo yathu yaminga inagawidwa pakati pa Senegalia ndi Vachellia. Mthethe, umene unali Acacia polyacantha, "wa minga yambiri", tsopano ndi Senegalia polyacantha. Vachellia ndi dzina la George Harvey Vachell, m'busa wa Chingerezi amene ankatola zomera ku Macao, ku China.

Kusintha kwina kunachitika ku Madrid mu 2024. Zomera zoposa 200 zinali ndi liwu lakuti caffra kapena lofanana nalo, lochokera ku liwu lachipongwe limene anthu akuda ankanyozedwa nalo kum'mwera kwa Africa. Gideon Smith ndi Estrela Figueiredo a ku South Africa anapempha kuti lichotsedwe, ndipo msonkhano unavomera kuti lizilembedwa afra, kutanthauza "wa mu Africa". Mfula wa kuno, umene unali Sclerocarya birrea subsp. caffra, uli m'gulu la zomera zimene zinakonzedwa. Apa tiphunzira kuti malamulo a mayina amapangidwa ndi anthu okhala pamsonkhano, ndipo amene palibe, mawu ake samveka.

Nkhani ya mukula ikuonetsa kuti zimenezi sizithera m'mabuku. Kwa nthawi yaitali makalata a ku Zambia ankautcha Pterocarpus chrysothrix, "wa ubweya wagolide", kuchokera ku chrysos ndi thrix. Akatswiri anapeza kuti ndi mtengo womwewo umene Welwitsch anautcha kale Pterocarpus tinctorius ku Angola, ndipo potsata lamulo lija, dzina loyambalo ndilo linapambana. Mitengoyi itayamba kudulidwa mosasamala potumizidwa ku China, boma la Zambia linaletsa kangapo malondawo. Mu 2019, ku Geneva, dziko la Malawi linapempha kuti mtengowu ulembedwe pa mndandanda wachiwiri wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zomwe zingathe, ndipo pempholo linavomerezedwa. Mu 2022, ku Panama, mitengo yonse ya mu Africa ya ziwongo za Pterocarpus, Afzelia ndi Khaya inalembedwanso pamndandandawo. Ndiko kuti mlombwa, mpapa ndi mbawa sizingatumizidwe kunja popanda chilolezo chapadera. Chilolezocho chimalembedwa m'dzina la Chilatini. Mfumu, nduna kapena komiti ya nkhalango ya m'mudzi imene siingagwirizanitse dzina la pa kalata ndi mtengo wa m'thengo lake ikhoza kunamizidwa mosavuta.

7. Ntchito imene yatsala

Kulemba mayina a kumudzi pambali pa a Chilatini si chinthu chatsopano m'dziko lino. Colin Trapnell, amene anayamba kufufuza nthaka ndi zomera za Northern Rhodesia mu 1932, anapeza kuti alimi amadziwa chonde cha nthaka poyang'ana mitengo ndi udzu womerapo, ndipo anadalira kwambiri nzeru zimenezo. Frank White anatulutsa Forest Flora of Northern Rhodesia mu 1962, D. B. Fanshawe anasonkhanitsa mayina a kumudzi a mitengo ya Zambia mu 1965, A. E. G. Storrs analemba Know Your Trees mu 1979, ndipo P. S. M. Phiri wa pa Yunivesite ya Zambia anasindikiza mndandanda wa zomera za dziko lino mu 2005. Boma la Chongwe lili ndi mbiri yakeyake pa zilankhulo: Jules Torrend, wansembe wa Chijezuiti amene anatsegula mishoni ya Kasisi mu 1905, anali atalemba kale galamala yoyerekeza zilankhulo za Chibantu mu 1891, ndipo pamalo omwewo pali sukulu ya zaulimi yoyambitsidwa mu 1974.

Komabe pali mpata waukulu. Chisoli sichili m'gulu la zilankhulo zisanu ndi ziwiri zimene boma linasankha kuti zizigwiritsidwa ntchito m'masukulu ndi pa wailesi. Mwana wa Chisoli akapita kusukulu amaphunzira Chinyanja ndi Chingerezi. Choncho monga Chilatini chimaphimba dzina la Chinyanja, Chinyanja nacho chikhoza kuphimba la Chisoli. Kuwonjezera apo, dzina la mtengo limakhala ndi moyo pokhapokha mtengowo ulipo woti mwana aulozeredwe. Nkhalango ya nambala 27 ya kum'mawa kwa Lusaka, kumene kuchokera mtsinje wa Chalimbana wothira mu Chongwe, inatetezedwa mu 1957, inachotsedwa chitetezo mu 1983, inabwezeretsedwa mu 1996 anthu atadandaula za kuphwa kwa madzi, ndipo mbali zake zina zinagawidwanso pakati pa 2017 ndi 2019. Kumene mitengo yatha chifukwa cha nyumba kapena makala, mayina ake amatsala m'mitu ya okalamba okha.

Pa chifukwa chimenechi tikupereka maganizo atatu. Poyamba, dipatimenti ya zilankhulo igwirizane ndi ya sayansi ya zomera posonkhanitsa mayina a Chisoli, Chinyanja ndi Chilenje m'midzi ya m'bomali. Dzina lililonse lijambulidwe momwe mwini chilankhulo amalitchulira, ndipo litsagane ndi chitsanzo chouma cha chomeracho, kuti pasadzakhale kukayika ngati kuja kwa mtondo. Wopereka dzina alembedwe, ngati walola, pamodzi ndi mudzi wake. Kachiwiri, aphunzitsi ophunzitsidwa ku Chalimbana aziphunzira matanthauzo a mayina a Chilatini a mitengo ya kwawo, kuti ana asamangoloweza. Kachitatu, akatswiri a m'dziko lino akapeza chomera chatsopano akumbukire kuti malamulo amalola kutenga dzina m'chilankhulo chilichonse. Zimene Oliver anachita ndi kombe mu 1871, Mzambia akhoza kuchita ndi liwu la Chisoli.

Akuluakulu amati mutu umodzi susenza denga. Wodziwa zomera sangalembe bwino liwu la Chisoli popanda wodziwa zilankhulo, ndipo onse awiri sangapeze kanthu popanda agogo odziwa thengo. Pa atatuwa, amene sangadikire nthawi yaitali ndi agogowo.